Gwape Amene Ababa Ankandisakira

Bodza limene ndinawanamiza ababa linali la mawu atatu okha: ndibwera phiri likamapsa. Ndinalinena nditaima pakhomo la nyumba yosanja ya maofesi ku West Bay, kuno ku Doha, kumene ndimagwira ntchito ya ulonda. Foni inali pakamwa, maso ali kwa supavaiza kuti asandione. Chinali chaka chija matenda a korona anatseka dziko lonse, mwezi wa Juni, ndege zopita kwathu zisakuuluka. Ndinkadziwa bwinobwino kuti zobwerazo n'zokayikitsa, koma munthu wamkulu akakufunsa kachinayi kuti ubwera liti, pakamwa pamangoyankha pokha.

Ababa sankawerenga miyezi ya pakalendala. Chaka chawo chinali ndi nthawi ya mvula, nthawi yokolola, nthawi ya mwera, ndi nthawi imene phiri la kuseri kwa mudzi wathu, cha ku Namwera, limapsa. Ukawauza kuti Okutobala ankakuyang'ana ngati wawatukwana. Ndiye ine ndinawayankha m'kawerengedwe kawo komweko, ndikudziona wochenjera, poti phiri limayamba kupsa mu Ogasiti n'kumapsabe mpaka mvula itagwa. Ndinkati m'miyezi yonseyo sindingalephere kupeza pozembera. Ndinaiwala kuti ndikulankhula ndi mlenje, munthu woti akangomva nthawi amayamba kunola mpeni.

Iwo foni analibe, ndipo sankaifuna. Achemwali anga, amene ankakhala nawo chimwalirireni amayi, ndiwo ankajambula mawu awo n'kunditumizira, ine n'kujambula anga, achemwali n'kukawatsegulira pakhonde. Yankho linabwera mawa lake ndili pa chakudya cha masana.

"Ndamva iwe. Phiri likamapsa. Ndiye agaluwa ndiyambe kuwadyetsa bwino."

Achemwali ankamveka kuseka chapatali, inenso ndinaseka. Sindinaganizepo kawiri.

Za agaluwo n'zakuti pakhomo pathu mwana akachokera kutali sankamuphera nkhuku kapena mbuzi. Ababa ankati za m'khola n'za alendo, mwana wawo amadya ya m'tchire imene iwo aithamangira okha. Nditachokera ku Limbe, kumene ndinagulitsa m'sitolo zaka ziwiri, ndinapeza gwape atawambidwa kale. Nditachokera ku Joni, chimodzimodzi. Palibe lamulo la Chisilamu kapena la makolo limene limanena zimenezi. Unali mwambo wawo okha, anaupanga okha, ndipo panalibe shehe kapena malume amene akanawauza kuti ausiye.

Chaka chomaliza ndisanabwere kuno ndinakwera nawo phiri, ndili bambo wandevu kale, iwo ali patsogolo ine ndili wefuwefu m'mbuyo. Tsiku limenelo ndi limene anandifotokozera za utsi. Gwape, anatero, maso ake si kanthu. Amadalira mphuno ndi makutu. Tsiku wamba sungamuyandikire mphepo ikuchokera kumsana kwako. Amakununkhiza uli kutsidya kwa khwawa, ukamafika umangopeza pogona pake pakadali pofunda. Koma tchire likapsa, utsi umamutseka mphuno, kuthetheka kwa udzu n'kumutseka makutu. Amadzuka, amaima, amatembenuza mutu uku ndi uku osadziwa kumene kuli mdani. Akathawa sathamanga patsogolo pa moto monga amaganizira osadziwa, amatsata khwawa kutsikira kudambo, ndipo mlenje amangobisala m'mbali mwa khwawalo ndi agalu ake, chibonga chili m'manja. Pakapita masiku atatu amabwerera palupsa kudzanyambita phulusa. Pakapita sabata ziwiri amabwera kudzadya msipu wanthete, m'mamawa ndi madzulo, osaphonya.

Tsiku limenelo tinapha mmodzi dzuwa lisanafike paliwombo. Ababa analanditsa gwapeyo kwa agalu akadali moyo, anamugoneka moyang'ana kuchibula kumene timayang'ana popemphera, anatchula dzina la Mulungu mokweza, n'kumuzinga. Pa zimenezi sankachita masewera. Nyama imene yafa dzina la Mulungu lisanatchulidwe sinkalowa m'nyumba mwawo.

Kuno ku Doha moyo wa chaka chimenecho unali wopusa. Nyumba imene ndimalondera ndi yaitali mwakuti ukaiyang'ana chipewa chimagwa, koma eni maofesi onse ankagwirira ntchito kunyumba kwawo. Ndinkaima tsiku lonse ndi kamfuti koyezera kutentha kwa thupi, kudikira munthu woti ndimuloze pachipumi. Tsiku lina ankabwera anayi, tsiku lina mmodzi. Ndikaweruka basi ya kampani inkatitula ku Rawdat Al Khail, kumene tinkagona anthu asanu ndi mmodzi m'chipinda chimodzi. Mmalawi mnzanga m'menemo anali mmodzi yekha, dalaivala wachikulire wa ku Dowa, Mkhristu wa pakamwa posatseka. Atamva mawu a ababa a za agalu aja anandipatsa dzina pompo.

"Mlenje wa ma-lift wafika! Lero mwawombera angati, a Shehe?"

"Mmodzi yekha, madala, wokonza magetsi. Koma wapulumuka."

"Eee, mfuti ya battery imeneyo. Kwathu tikanakupatsani khasu mukakumbe mbewa, at least mukanadya."

"Mbewazo muzidya nokha."

Tinkaseka choncho, poti panalibenso china choseketsa.

Chakumapeto kwa Ogasiti zinthu ziwiri zinachitika sabata imodzi. Achemwali ananditumizira uthenga kuti moto woyamba waoneka m'phiri. Ndipo madala aja analowa m'chipinda foni ili m'mwamba ngati apambana mpira.

"Mphwanga, khalas, zatha! Ukapolo watha. Kalata ya bwana yokuloleza kusintha ntchito ija, NOC, ayithetsa. Ukafuna ku-change job ungopereka notice basi. Ukafuna kupita kwanu, za exit permit zinatha kale. Yalla, fulumira, pakira chikwama, ukadye gwape wako."

Kwathu nakonso bwalo la ndege linali litatsala masiku ochepa kutsegulidwa. Kwa masiku awiri ndinakhulupirira kuti bodza langa lisanduka zoona lokha, ine osachitapo kanthu. Ndinapita kwa supavaiza. Anali munthu wosakwiya, ndipo chimenecho ndicho chinkandikwiyitsa koposa. "Mafi mushkila," anatero, ndiko kuti palibe vuto. Kupita ndikhoza kupita ngakhale mawa, palibe wondigwira mwendo. Kungoti chifukwa cha matendawa, munthu wotuluka sankalowanso popanda chilolezo chapadera chimene kampani inayenera kumupemphera, ndipo kampani yathu sinkapemphera alonda. Alonda analipo ambiri amene ankangokhala m'zipinda kudikira malo. Anandiuza zonsezi mwaulemu, maso akumwetulira pamwamba pa masiki.

Ntchito imeneyi ndi imene inkadyetsa pakhomo pathu: ana a achemwali, mankhwala a ababa, zonse. Ndinayesa kufuna ina monga lamulo latsopanolo linkalolera, mwina ndipeze kampani yamtima wabwino. Koma ndani ankalemba munthu mahotela atatseka, maofesi ali pululu? Ndinabwerera pakhomo panga ndi kamfuti kanga. Pamenepo ndi pamene ndinayenera kujambula mawu akuti ababa, sindibwera. Sindinatero. Ndinati ndidikire sabata imodzi, mwina zisintha.

Kumudzi utsi wa chaka chimenecho sunali ngati wa zaka zina. Korona inabweza anthu ambiri: a ku Joni amene anabwera pa mabasi manja ali lende, a m'tauni amene ntchito zinawathera. Ambiri a iwo analowa m'phiri. Ena ankawotcha makala, mauvuni akufuka khwawa ndi khwawa. Ena ankatentha tchire pofuna mbewa. Moto wina unkachokera kutsidya kwa malire. Moto uwu usanazime, wina wayaka kale. Achemwali ananditumizira chithunzi chimene anajambula masana dzuwa lili pamutu. Dzuwalo linali lofiira ngati likulowa, ndipo pamene pamakhala phiri panalibe kanthu, kutuwa kokhakokha. Ndinawaonetsa madala a ku Dowa aja n'kuwauza kuti aone ntchito ya abale awo a mbewa. Iwo anachiyang'anitsitsa chithunzicho n'kundibwezera foni.

Pakati pa Seputembala ababa anatumiza mawu aatali.

"Iwe, chaka chino gwape wasintha. Utsi wa tsiku limodzi umamudzutsa, koma uwu wakhalitsa, wamugoneka. Sakutsikanso kudambo. Palupsa msipu watuluka bwinobwino koma palibe phazi lake ngakhale limodzi, za mbuzi zokhazokha. Akugona m'makwawa akuya, pansi penipeni pamene pali kampweya. M'mawa sadzuka, madzulo sadzuka. Ngakhale umudutse pafupi sadzuka, poti sakukumva. Agalu nawonso mphuno zafa, akungoyetsemula n'kumandiyang'ana. Ndiye ndikuchita kulowa khwawa lililonse ndekha, ndi miyendo yangayi."

M'mawu amenewa anaima katatu kuti atsokomole. Chifuwacho chinali chakale. Paunyamata wawo anagwira ntchito m'mabalani owotchera fodya, ndipo pamwamba pake panabwera zaka zonse za m'phiri. Kuchipatala anali atawauza kale kuti atalikirane ndi utsi, ngakhale wa kukhitchini. Tsopano ankanyamuka kukacha, kukalowa m'kati mwenimweni mwa utsiwo, n'kumabwera dzuwa litapendeka, manja ali m'mbuyo, agalu ali pambuyo mitu ili pansi.

Ndinakwiya. Ndinawaimbira achemwali ndili m'kachipinda ka alonda.

"Achemwali, mukuwalekerera bwanji? Bisani chibonga, mangani agalu!"

"Achimwene, amene anawatuma m'phiri ndinu. Ine ndalankhula mpaka malovu auma. Inu ndinu mungawatsitse. Nenani tsiku, kapena nenani kuti simubwera."

Ndinadula foni. Ndili ndi khalidwe limeneli kuyambira kale: ndikalakwa ndimakwiyira amene wanena zoona.

M'malo monena, ndinayesa kulambalala. Ndinajambula kuti ababa, musavutike ndi gwape, utsi wachuluka, nkhuku ikwana. Yankho linali lalifupi kuposa onse. "Ndiwe mlendo iwe?" Sabata yotsatira ndinajambula kuti mapepala akuchedwa pang'ono, mwina ndifika mochedwerapo. Ndinkati akamva choncho apumula. Iwo anakondwa. "Ndiye bwino, wandipatsa masiku. Ndinayamba kuchita manyazi kuti ufika ndilibe kanthu."

Panali chinanso chimene achemwali anandiuza pambuyo pake. Chifukwa cha kutsokomolako, anthu m'mudzi anayamba kunong'onezana kuti madalawo ali ndi korona. Kumzikiti ankawasiyira mpata waukulu kuposa umene boma linalamula. Amene ankacheza nawo pakhonde anayamba kupereka moni ali pamsewu. Ababa sanadandaulepo kwa ine ngakhale kamodzi. Koma ndikaganiza lero, ndimaona kuti m'phiri ndimo mokha mmene munalibe wowathawa, ndipo agalu sankasuntha akatsokomola.

Ine nthawi yonseyi ndinkapuma mpweya wozizira, wosefedwa ndi makina, wonunkhira mafuta. Kamodzi pa sabata kunkabwera anthu ovala zoyera kudzapopera mankhwala m'chipinda cholandirira alendo. Makina awo ankatulutsa kautsi koyera, ndipo lamulo linali lakuti ife alonda tituluke panja mpaka kathe, kuti tingadwale. Ndinkaima panja potenthapo n'kumaonera kautsiko pagalasi. Mphindi khumi zokha, kenako ankatiitana kuti lowani, kwayera. Tsiku lina nditaima chomwecho ndinadzida kwambiri moti ndinalephera kudya masana.

Madala a ku Dowa anaona. Tsiku lopuma, tikuchapa mayunifolomu m'mawa, anandiyankhula osaseka.

"Mphwanga, uwauze madalawo. Serious. Ine bambo anga ndinkangowauza next month, next month, mpaka ananditumizira picture ya manda."

"Inshallah, Mulungu akalola, ndiwauza, madala."

"Inshallah yako ija ya supervisor? Imene imatanthauza never?"

Ndinawayankha mwachipongwe kuti asamale zawo. Anangopitiriza kufinya malaya awo.

Pakati pa Okutobala ababa anamupeza gwape. Nkhaniyi anayamba kundiuza ndi achemwali. Ababa ananyamuka kukacha monga mwa masiku onse. Dzuwa litapendeka anabwera atanyamulidwa ndi anthu awiri owotcha makala, wachitatu atasenza gwape paphewa.

Gwapeyo ababa anamupeza m'khwawa lakuya kwambiri, atagona pansi pa mwala, maso akuchucha misozi, mphuno ili gwa. Agalu anamudutsa osamumva, ababa ndiwo anatsala pang'ono kumuponda. Gwapeyo sanathawe. Anangotukula mutu n'kuwayang'ana, iwo n'kumugwira ndi manja ngati mbuzi ya pakhomo. Chibonga sichinagwire ntchito. Anamugoneka moyang'ana kuchibula, bondo pamwendo wake, mpeni pakhosi. Atatsegula pakamwa kuti atchule dzina la Mulungu, chifuwa chinawagwira. Anatsokomola mpaka thupi lonse kugwedezeka, gwape anaphupha, ndipo mpeni umene anaunola miyezi inayi unalowa wokha dzina lisanatuluke. Owotcha makala aja anawapeza atagwera pambali pa nyamayo akulephera kudzuka.

Madzulo ake shehe wa pamudzi anabwera kudzawaona, n'kukhala patali pang'ono. Atamva nkhaniyo anati nyamayo ndi yololedwa, Mulungu amaona cholinga cha munthu, ndipo mtima unali utatchula kale. Achemwali anagwada kuwapempha kuti amvere shehe. Ababa anakana.

"Ine sindinadzimve ndikutchula. Mwana wanga sachokera kutali konseko kudzadya nyama yokayikitsa."

Anaitana owotcha makala aja, amene sanali Asilamu, n'kuwapatsa gwape yense. Miyezi iwiri ya utsi inapita choncho, pamapewa a anthu ena.

Ndinamvera zonsezi nditakhala pa ndowa yovundikira m'kachipinda ka alonda. Ndinalira, sindibisa. Ndinatukwana phiri, ndinatukwana korona, ndinatukwana supavaiza ndi ulemu wake, ndinatukwana ngakhale shehe amene sanalakwe kanthu. Ndikulira chomwecho panalowa mawu ena, a ababa eni ake. Ankatuluka awiriawiri, akuima kuti apume.

"Usadandaule iwe. Tsopano ndadziwa pamene akugona. Pali mapazi a wina. Ndikangopeza mphamvu ndibwerera."

Mungaganize kuti ndinawauza tsiku lomwelo. Ayi. Ndinadziuza kuti munthu wofooka chonchi sangakwerenso phiri, thupi liwaletsa lokha, ine sindifunika kunena kanthu. Anakwera kawiri. Ulendo woyamba anabwera okha. Wachiwiri achemwali anawatsatira n'kukawapeza atakhala pamwala m'tsinde mwa phiri, asanafike n'komwe pamene pamayambira makwawa, agalu atagona pamapazi awo.

Linali Lachisanu, tsiku langa lopuma, pamene ndinajambula zoona. Ndinatuluka m'chipinda m'mawa n'kukakhala pamasitepe. Ndinalankhula mwamsanga kuti ndisasinthe maganizo.

"Ababa, ndinakunamizani. Sindibwera chaka chino. Ndikatuluka kuno sindilowanso, ntchito itha. Ndinadziwa kuyambira moto woyamba uja. Musakwerenso phiri, palibe woti adye nyamayo. Ndikhululukireni."

Ndinatumiza. Ndinaona kuti achemwali atsegula. Mtima unapepuka pang'ono, ndipo nditabwerera m'chipinda madala a ku Dowa anandigwira paphewa. Tsiku limenelo yankho silinabwere. Loweruka silinabwere. Ndinkati ababa akwiya, ndipo ndinali wokonzeka kulandira mkwiyo wawo, ngakhale atandikana kuti si mwana wawo, bola akhale pansi.

Lamlungu ndili pantchito achemwali anaimba. Sankaimba kawirikawiri, ankangojambula mawu, choncho ndinadziwiratu kuti si zabwino. Ndinapempha mlonda mnzanga kuti andigwirire kamfuti, ine n'kulowa m'kachipinda kaja.

Mawu anga aja achemwali sanawatsegulire ababa. Ababa sanadzuke pamphasa kuyambira Lachinayi. Anawatengera kuchipatala pa njinga yamoto, kumene anawayeza n'kunena kuti si korona ayi, ndi mapapo amene atopa. Anawapatsa mankhwala, ndipo iwo eni anaumirira kubwerera kunyumba, poti mwana wawo angafike n'kupeza pakhomo palibe munthu. Njinga yamoto iliyonse ikadutsa pamsewu ankafunsa ngati ndine. Mitambo inali itayamba kusonkhana chakum'mawa, ndipo iwo ankadziwa kuti phiri latsala pang'ono kusiya kupsa.

"Mawu anu aja ndawamva ine, achimwene. Akanakhala a mu Ogasiti akanathandiza. Lero angowatsiriza. Jambulani ena. Munene kuti mwanyamuka."

"Achemwali, si inu nomwe munandiuza kuti ndinene zoona? Ndanena, ndiye mukuti ndinamenso?"

"Ndinakuuzani akadali kuyenda."

Ndinakuwa. Ndinati sindingatero, bodza limeneli ndi limene lawagoneka, iwowo akufuna kundisenzetsa tchimo lina pamwamba pa loyamba. Anandisiya mpaka nditamaliza. Achemwali anga ndi munthu wodekha, anatengera amayi.

"Sakudya," anatero. "Akamva kuti muli m'njira mwina amwa phala."

Ndinabwerera pakhomo n'kulandira kamfuti kanga. Ndinaima pamenepo mpaka nthawi yopuma, ndipo sipanabwere munthu ngakhale mmodzi. Ndinayesa kuganiza njira ina. Ndinaganiza zotaya ntchito n'kukwera ndege, koma ndege zinali zochepa, panafunika kuyezetsa kaye n'kudikira zotsatira, ndipo achemwali ankanena za masiku, osati masabata. Ndipo ndikanafika, ndi kuwapeza kapena osawapeza, mawa lake ana aja akanadya chiyani? Mwina ndikungodzikhululukira. Ndakhala ndikulifunsa funso limeneli zaka zonsezi ndipo yankho lake limasintha malinga ndi tsiku.

Ndinajambula katatu. Ulendo woyamba mawu anandithawa pakati. Wachiwiri wailesi ya supavaiza inalira m'thumba mwanga, ndipo ababa anali ndi makutu a mlenje, akanadziwa kuti ndikadali pantchito. Wachitatu ndinatuluka kuseri kwa nyumbayo, n'kukaima m'mbali mwa msewu waukulu dzuwa likuswa mtengo, kuti phokoso la magalimoto limveke ngati la paulendo. Ndinavula masiki, ndinakweza mawu, ndinawakometsa ngati munthu wosangalala.

"Ababa, ndanyamuka. Ndili m'njira."

Lolemba achemwali analemba kuti awatsegulira kanayi, ndipo amwa phala masipuni atatu. Lachiwiri analemba kuti ababa auza ana asese pabwalo.

Lachitatu m'mawa foni inanjenjemera m'thumba. Anali mawu ojambula. Supavaiza anali ataima pambali panga ndi alendo ochokera ku likulu la kampani, ndiye sindinathe kutsegula. Anakhala nthawi yaitali akuyang'ana mabuku a pakhomo ndi kufunsa za masiki. Asanachoke foni inayamba kulira, kulira, osaleka. Atangotembenuka ndinayankha. Achemwali anati ababa atisiya dzuwa litakwera pang'ono, ndipo monga mwa Chisilamu aikidwa tsiku lomwelo ikatha swala, pemphero la chakumadzulo. Nthawi imene ankawaika ine ndinali nditaima pakhomo, ndikuloza kamfuti pachipumi cha munthu wobweretsa madzi akumwa.

Zipata za maiko zinatseguka pambuyo pake. Tchuthi anandipatsa, kawiri konse, ine n'kuchikana. Achemwali amati m'phiri muja tsopano mulibe mtengo woti n'kubisa gwape, ndipo agalu aja anawapereka kwa anthu. Amandifunsa kuti ndibwera liti. Sinditchulanso nthawi kwa munthu aliyense.

Mawu a Lachitatu aja ndinawatsegula nditaweruka, ndili m'basi ya kampani, foni nditaikanikiza kukhutu. Poyamba kunkangomveka kupuma, kokoka ngati macheka. Kenako achemwali akuti, lankhulani ababa, akumva. Iwo sanalankhule kwa ine. Analankhula kwa achemwali, pang'onopang'ono, monga munthu wopereka malangizo a ntchito.

"Umuuze akatsika basi adzere njira ya kumunsi, ya kuchigayo. Ya kumtunda kuli utsi, angatsokomole."